Chaka Chimene Njinga Inaleka Kulira

Anthu a kwathu ku Makhanga akamakumbuka chaka chija, ena amati chaka cha madzi, ena amati chaka cha nyika. Ine ndimati chaka chimene njinga ya amuna anga inaleka kulira.

Amuna anga ndi a Zuze, bambo a Luwiza. Njingayo anaigula tisanakwatirane, yakuda, ya kaliyala yotakata yoti n'kukhalapo thumba la chimanga, mwana pamwamba. Poti ndinaipeza pakhomo ikanayenera kukhala mayi wamkulu, koma imene inkapukutidwa m'mawa uliwonse, kuikidwa pamthunzi ndi kufunsidwa ngati yadzuka bwino inali iyoyo, ndiye ndinaitcha amayi aang'ono. Dzinalo linakhazikika mpaka kumjigo. Ikamatsetsereka munthu osapalasa, gudumu lakumbuyo linkalira kuti tche-tche-tche. Ndikangomva kulirako kuseri kwa nyumba ndinkadziwa kuti bambo afika, ndiwaikire madzi osamba.

Novembala ndi Disembala

Mvula inachedwa, ndipo itabwera inangonyowetsa fumbi. Tinabzala mapira ndi chimanga pang'ono, zinamera, dzuwa n'kuziwotcha. Kutentha kwa kuchigwa kuno wosakudziwa amayesa tikukokomeza, koma mu Novembala ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Tinabwerezanso kubzala Khirisimasi itayandikira, mbewu yake yochita kupempha.

Sitinade nkhawa kwenikweni. Kwathu munda wa dzinja ndi wongoyesera mwayi. Chakudya chenicheni chimachokera kudimba, madzi akaphwa mu Epulo n'kusiya matope achonde. Pamenepo timabzala mbatata, ndipo mbatatayo ndi imene imatiwolotsa mpaka dzinja lina. Koma chinyontho sichidikira munthu. Ukachedwa pang'ono dothi limauma n'kung'ambika, ndiye kuti njala ya chaka chino yapatsana moni ndi ya chaka chamawa. N'chifukwa chake mbewu ya mbatata tinkaisunga pakadimba kakang'ono m'mphepete mwa mtsinje, a Zuze akuithirira ndi ndowa chilimwe chonse.

Januwale

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula imene inatimana ife inakagwera kumapiri, ndipo Ruo anatitulira yonse pakhomo tsiku limodzi. Madzi anafika masana, ofiira, atanyamula nthochi za eni ake. A Zuze anatikweza m'bwato ine ndi ana, iwo n'kubwerera kukapachika njinga mumtengo wa masawu. Mpaka lero ndimawaseka kuti anatsanzikana nayo nthawi yaitali kuposa mmene anatsanzikirana nane. Iwo amayankha kuti, "Inu mudali ndi pakamwa poitanira anthu. Iyo idalibe."

Tinakakhala pasukulu, mabanja ambirimbiri m'kalasi imodzi. Madzi atatsikako a Zuze anapita kukaona kumudzi. Nyumba inali itagwa khoma limodzi, mapira atagona m'matope, ndipo pakadimba ka mbewu ya mbatata panali patadzaza mchenga wofika m'chiuno. Njinga anaipeza ili lende mumtengo muja, koma gudumu lakumbuyo linali litakhala m'madzi masiku onsewo, dzimbiri lili psuu. Anabwera nayo pasukulu ataisenza paphewa.

"Mbewu yapita, mayi a Luwiza," anandiuza ataikhazika pansi.

"Nanga madzi akaphwa tikabzala chiyani?"

"Kwa Fanita iliko."

A Fanita ndi mlongo wawo, anakwatiwa kuphiri, kupitirira Muona. Wapansi kumeneko amagona panjira, ndipo mbewu ya mbatata ikadulidwa, ndi dzuwa lathuli, sigona panjira. Imafika itafota. A Zuze anasisita chishalo n'kunena kuti, "Ndikakadula m'mawa, madzulo ili m'dothi. Bola amayi aang'onowa akhale moyo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuichitira nsanje njinga ija. Chakudya cha ana anga cha chaka chonse chinali pakaliyala pake.

Febuluwale

Thandizo linkabwera pa boti: ufa, nyemba pang'ono ndi botolo la mafuta ophikira. Ufawo sunkafika kumapeto a mwezi ngakhale uwunyengerere bwanji. Masiku otsalawo akazi tinkapita kudambo kukazula nyika, timizu takuda ta maluwa a m'madzi, wina akuzula wina akuyang'anira ng'ona. Nyika imawawa, ndipo m'mimba imangokhalamo ngati mwala, koma mwana amagona. Kumsika chimanga chinkakwera mtengo m'mawa uliwonse, mpaka mbale imene kale unkasinthana ndi dzira inayamba kufuna nkhuku yathunthu.

Ndiye kunabwera anyamata ochokera kutsidya, ogula chilichonse motchipa: mbuzi, malata, mawayilesi, njinga. Oyandikana nafe nyumba, a Andireya, anagulitsa njinga yawo, chimanga chake n'kutha mwezi usanathe. Wina anafika mpaka pa ife, akuizungulira njinga yathu n'kumagogoda tayala ndi chala. A Zuze anangokana kuti, "Nkhabe, shamwali. Iyi ndi khasu." Ine ndinausirira ufa umene anatchula mnyamatayo, koma bambo ankanena zoona.

Njingayo inkagwiranso ganyu. A Zuze ankanyamulira anthu katundu kuchokera padooko kupita kumsika, n'kubwerako ndi kaufa kapena tinsomba. Masiku oyamba inkangoti kwii kwii ndi dzimbiri lija, koma posakhalitsa inayamba kuyenda mofewa.

Mwezi womwewo bambo anayamba kudandaula m'mimba. "Mayi a Luwiza, ndiwo zanga muzipatula musadathire mafuta. Akundiyambitsa chilungulira." Ndinadabwa, pakuti munthuyu kale ankapukuta mbale ndi chala mpaka kuwala. Koma njala imasintha mimba za anthu, ndiye ndinkawapatulira masamba awo ongowiritsa ndi mchere. Chodabwitsa n'chakuti botolo linkatsikabe ngati tikudya tonse. Ndinanamizira nyerere, ndinanamizira dzuwa, ndinaliyang'ana kunsi ngati likudontha, osapeza kanthu.

Tsiku lina anandidzidzimutsa, kungoti mbwe pakhomo ndisanamve kalikonse.

"Mwabwera wapansi?"

"Panjinga."

"Nanga bwanji sinalire?"

Anaseka monyada. "Yakhuta imeneyo. Njinga yolira ndi yanjala."

Malichi

Tinabwerera kumudzi, tinamata khoma lija ndi matope, n'kuyamba kudikira kuti madzi achoke kudimba. Vuto linayamba pamenepo. A Zuze anali ndi thumba la munthu pakaliyala, akukwera kachitunda ka panjanji. Ataimirira kuti apondereze, pedulo linangoti fwaa kuzungulira lokha, iwo n'kukhalira chitsulo chapakati, thumba uko, munthu uko. Anabwera kunyumba akuyenda chotang'adza, ana akubisa nkhope kuti asaoneke akuseka.

Njinga inali itayamba kuphonya. Ukapalasa tcheni inkayenda bwinobwino, filiwilo, kagudumu ka mano kaja kamene tcheni imakoka kumbuyo, inkazunguliranso, koma gudumu lenilenilo osasuntha. Nthawi zina inkagwira, munthu n'kuyenda mtunda ndithu, kenako fwaa. M'mawa kukazizira inkaphonya kwambiri, dzuwa likakwera inkagwirako. Bambo anakunga tcheni, sizinathandize. Anayang'ana mano a filiwilo limodzi limodzi, onse anali athunthu. Akaigogoda ndi mwala inkamvera pang'ono, mawa lake n'kuyambiranso. Ganyu wa padooko anatha, pakuti ndani angapereke thumba lake kwa njinga yogwetsa anthu?

Wokonza njinga wa pamsika anali atasamukira kwa apongozi ake kumtunda, poti kunali mphekesera yoti tonse atichotsa ku Makhanga ndipo thandizo lileka. Filiwilo yatsopano inalipo m'golosale imodzi, koma mtengo wake unali chakudya cha sabata yonse, chimenenso tinalibe. Akazi kumjigo ananong'ona kuti wina wanjiru waimanga njingayo chifukwa yatsala yokha m'mudzi. Ine ndinati wanjiru wake ndi wamphamvu ndithu, wokhala ndi nyonga zolodza njinga atadya nyika.

A Andireya, amene chigulitsire yawo ankaisamala yathu ndi maso, anabwera ndi nzeru. "Mangirirani filiwiloyo kumasipoko ndi waya, shamwali. Kutsidya amatero. Siphonyanso." Ndinafuna kuyankhula, koma mwana akalirira nyanga ya nsatsi umamusemera kuti imufotere yekha. Anamanga. Njinga inayendadi, koma tsopano mapedulo sankaima. Gudumu likazungulira nawonso ankazungulira, ufune usafune. A Zuze anatsika kachitunda kaja miyendo ili m'mwamba, mapedulo akuwakwapula akakolo, mpaka anakaima m'bango. Masipoko awiri anathyoka. A Andireya anafika akuthamanga n'kunena kuti, "Komatu sidaphonye."

Tinaseka tonse, koma bambo anamasula waya uja nkhope itagwa. Ngati kachitunda ka panjanji kawachita chotero, phiri la kwa a Fanita, atasenza mtolo wa mbewu, likanawapha.

Epulo

Madzi anaphwa. Dimba linatuluka lakuda bii, lonona, loti ukaponda phazi limalowa lokha. Amene anali ndi abale pafupi anayamba kubzala. A Fanita anaimba pa foni ya kutchalitchi kuti mbewu atisungira, koma anthu akuwavutitsa tsiku ndi tsiku, sangathe kuwakaniza mpaka kalekale. M'mawa uliwonse ndinkapita kudimba kukapisa chala m'dothi, ndipo tsiku lililonse chala chinkalowa mozama chisanapeze chinyontho.

Tsiku lina ndinawapeza bambo atakhala pansi pa mtengo wa masawu, njinga ataigadamika, akungoiyang'ana. Malaya anali atawakulira. Mafupa a m'khosi ankaoneka.

"Ndipita wapansi," anatero. "Ndikasenza pamutu."

"Mukasenza yochuluka bwanji ndi thupi limeneli? Ndipo ikafika yamoyo?"

Ndinachita mantha tsiku limenelo kuposa tsiku la madzi, chifukwa ndinkadziwa kuti apitadi, ndipo mwina akagwera panjira.

"Itseguleni," ndinatero.

"Filiwilo satsegula, mayi a Luwiza. Amagula ina. M'katimo muli timipira tachitsulo tosawerengeka. Tikamwazikira mumchengamu ndiye kuti yatheratu."

"Nanga panopa yatsala pati?"

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga lichero, ndinayalamo chitenje changa. Ngati ndimapeta mapira osataya ngakhale kanjere, timipira takewo sitikanandithawa. A Andireya anafika tikuchotsa gudumu. Tinaligoneka pamwamba pa lichero, bambo anaika msomali pakabowo ka chivindikiro cha filiwilo n'kuyamba kugogoda ndi hamala. Chinkangolimbirako. A Andireya anakumbuka kuti anaonapo wokonza uja akugogodera mbali inayo, poti chivindikirochi chimamasuka mosemphana ndi zinzake. Ulendo uno nzeru zawo zinagwira ntchito. Chinatembenuka, bambo anachimasula ndi zala pang'onopang'ono, ine manja ndatchera.

Palibe kampira kamene kanagwa. Tonse tinali titamatirira m'zinthu zakuda, zonanda ngati phula. Ndinapisamo chala n'kununkhiza. Fungo limenelo mkazi aliyense amalidziwa. Ndi la chiwaya cha mandazi chimene chakhala osatsukidwa, ndi la utomoni umene umagwira pakhosi pa botolo.

"Bambo a Luwiza, awa ndi mafuta a ndiwo."

A Andireya anakumbuka mwadzidzidzi kuti ali ndi mawu ndi anthu a maboti, ananyamuka.

A Zuze anayang'ana pansi. "Idali ndi dzimbiri," anatero. "Oyilo ndikadamupeza kuti? Mukapita kumjigo ndinkathira kachivindikiro kamodzi. Itayamba kuphonya ndidati mwina akuchepa, ndiye ndinkawonjezera." Kenako anadzutsa mutu msangamsanga. "Koma a ana sindidakhudze, mayi. Ndinkatenga anga. Aja ndinkakana m'ndiwo aja."

"Ndiye chilungulira chija?"

"Ndilibe chilungulira ine."

Ndinafuna kuwakalipira. Miyezi yonseyi munthu wamkulu ankadya masamba owiritsa, akuonda ine ndikuona, kuti gawo lake adyetse chitsulo, ndipo chitsulocho n'kudwala nacho chakudyacho. Ndinayamba kuseka, kusekako kunasanduka kulira, ndipo ndinalira ndithu, chala chakuda chili m'mwamba. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo, ngakhale zimenezo sindinawauze. Chimene ndinawauza n'chakuti, "Safunsa anadya phula. Kolezani moto."

Za njinga sindidziwa, koma mafuta ophikira akauma ndi fumbi ndi dzuwa, mankhwala ake ndimawadziwa: madzi otentha, phulusa ndi sopo. Tinakokolola timipira tija ndi kamtengo n'kutiviika m'mbale. Pansi pa utomoniwo tinapeza tizitsulo tiwiri tonga zikhadabo, titagona chafufumimba, titamatirira. Nditatitsuka n'kutibwezera pamalo pake ndi kawaya kake kopyapyala, ndinadina kamodzi ndi chala. Kanagona, nditachotsa chala kanadzuka kokha. Bambo anawerama kuyang'anitsitsa, kenako analoza mano ena aang'ono ozungulira m'kati mwa filiwilo.

"Ndi timeneti," anatero. "Ndikapalasa timadzuka n'kuluma manowa, gudumu n'kuyenda. Ndikaleka timangodumpha pamwamba pake. Kulira kuja n'kumeneko."

"Ndiye italeka kulira inali isanakhute."

"Idali ikutsamwa," anavomera.

Tinayanika zonse pa lichero padzuwa kuti pasatsale dontho la madzi. Zisanaume a Andireya anatulukira atanyamula kabotolo ka oyilo wa injini amene anapempha kwa anthu a maboti. Sanafunse kalikonse za mafuta aja, ndipo mpaka lero sanazitchulepo. A Zuze anangothokoza mwa kwathu kuti, "Takhuta, shamwali."

Kubwezera ndiye kunali kuona maso a nkhono. Ndinapaka mafuta odzola pang'ono m'njira ya timipira kuti tisagubuduke, n'kumatiika kamodzikamodzi. Tizikhadabo tija tinkakana kulowa, poti tsopano tinali titaimirira. Ndinasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje, tinatimanga kuti tigone, bambo anavundikira, ine n'kusolola ulusiwo pang'onopang'ono. Anadonthezamo oyilo pang'ono chabe, ine ndikuwayang'ana m'maso kuti asapitirire. Anamanga chivindikiro, anabwezera gudumu ndi tcheni, anakunga masipoko otsala. Kenako anazunguza pedulo ndi dzanja, gudumu linathamanga, n'kusiya.

Tche-tche-tche-tche.

A Andireya anavula chipewa. Bambo anakwera, anapita pakachitunda ka panjanji, anaimirira n'kupondereza ndi mphamvu zawo zonse. Sinaphonye.

Ananyamuka mawa lake kusanatenthe. Ine ndi akazi a a Andireya tinakhalira kuunda mizere kudimba tsiku lonse, maso ali kunjira. Dzuwa linapendeka, mithunzi inatalika, mtima wanga unayamba kuwerenga maphompho a kuphiri kuja. Ndiye kuseri kwa bango ndinamva kulira kuja. Munthu sankaoneka, kunkaoneka mtolo wobiriwira wokutidwa ndi masamba a nthochi onyowa, wautali kuposa iwo, ukubwera wokha. Titamasula, mbewu inali yamoyo, masamba ali gwa. Tinabzala mpaka kuona kunavuta, n'kumalizitsa m'mawa. Mtolo wa ulendo wachiwiri tinagawana ndi a Andireya.

Meyi mpaka Ogasiti

Mizere yakumtunda, kumene chinyontho chinali chitathawa kale, inauma. Yotsalayo inagwira. Thandizo linalekadi monga ankanenera, koma pofika Juni tinali tikuthyola kholowa, ndipo mu Ogasiti dothi linayamba kung'ambika m'mizere, ulendo uno chifukwa cha mbatata. Sinali yochuluka yoti n'kunyadira pamsika, koma inatifikitsa ku mvula ina, ndipo palibe mwana wanga amene anabwereranso ku nyika.

Tsiku limene tinakumba yoyamba ndinaphika kholowa ndi matimati. M'botolo munali mutatsala mafuta pang'ono pansi, amene ndinkasungira tsiku ngati limenelo. Ndinagawira ana, kenako ndinatenga mbale ya bambo, ndinapendeketsa botolo pamaso pawo mpaka dontho lomaliza.

"Achuluka, mayi a Luwiza," anatero. "Nanga chilungulira?"

"Idyani. Chikakugwirani ndikutengerani kuchipatala pa amayi aang'ono."

Anadya, ndipo anapukuta mbale ndi chala mpaka kuwala.

Njingayo ikadalipo. Luwiza anakula, ali pabanja pake ku Nsanje, ndipo amati tiigulitse atigulire ina, koma bambo ake amangoti nkhabe. Oyilo wake amakhala m'kabotolo kake pawindo, kutali ndi kukhitchini. Ine ndimamvetserabe madzulo aliwonse kuseri kwa nyumba. Ndipo tsiku limene a Zuze adzanenenso kuti chakuti sachifuna, chikuwapweteka m'mimba, sindidzawafunsa za m'mimba. Ndidzawafunsa kuti gawo lawolo akudyetsa ndani.